Chimanga cha azakhali, masitandi a pa dambo ndi pulani ya Harare

Chitulukireni nkhani yoti khonsolo ya Harare yalemba pulani yatsopano ya mzinda, ija akuti ndi ya 2025 mpaka 2045, pa gulu la WhatsApp la sosaite yathu ya maliro anthu sakugona tulo. Poyamba aliyense anangotola mbali imodzi, yoti makombi, maminibasi athu aja, adzachotsedwa pamsewu, ndiye mukudziwa anyamata athu ambiri ndi madalaivala ndi mahwindi (oitanira anthu mmakombi), ma voice note ake anali osayamba. Koma ya makombi ija inazizira yokha, anthu anati aaa zimenezo tinazimvapo kale. Imene yakana kuzizira ndi ya madambo, ndipo yatigawa pakati anthu a magazi amodzi, ena akuti amange basi anthu akusowa pokhala, ena akuti pamene pamayima madzi pasayikidwe njerwa ngakhale imodzi.

Kwa inu amene mukuwerenga muli ku Lilongwe, ku Chipata kaya ku Tete, mwina mukudabwa kuti dambo la mtauni likutikhudza bwanji chonchi. Agogo athu anabwera kuno ku Halale kudzagwira ntchito kunjanji, mmafakitale, mmayadi mwa azungu ndi mmafamu a fodya, ambiri osabwereranso, machona enieni. Anakhazikika ku Mbare, Highfield, Mufakose, Rugare, Dzivarasekwa, Mabvuku, Tafara, ena ku Epworth. Anzathu achishona zikawavuta mtauni ali ndi kumusha, mwezi wa May amabwerako ndi matumba a chimanga padenga la basi. Ife ambiri tilibe kumudzi koti nkukalima. Munda wathu ndi kamalo kopanda nyumba kumapeto kwa location, ndipo mu Harare malo opanda nyumba nthawi zambiri ndi dambo. Nde mukamva akuti dambo lakuti aliduladula masitandi, mapoloti omangapo nyumba, kwa ife ndi nsima ya miyezi ingapo imene yapita.

Azakhali anga ali ndi kamunda koteroko kutsidya kwa Mufakose, kumbali ya mtsinje wa Marimba, anayamba kulimapo ine ndisanabadwe. Dothi lake ndi lakuda bii, la makande, mu February ukapondapo phazi limalowa mpaka mu akakolo ndipo pochotsa nsapato imatsalira momwemo. Ndichifukwa chake amaunda mizere yaitali kwambiri kuti chimanga chisamire, mmphepete amabzala mbatata ndi maungu, pakona pali phata la nzimbe limene adzukulu amalimaliza lisanakhwime. Chimene chimandidabwitsa ine ndi cha mu October. Dzuwa likuswa mtengo, kulocation kuli fumbi lokhalokha, mipopi yauma, koma kumunsi kwa munda uja ukakumba ndi khasu kufika mu bondo madzi amayamba kutuluka pang'onopang'ono, ozizira, ndipo ndi amene amathirira mpiru ndi repu wawo. Madzi amenewo ndi mvula ya January imene udzu ndi dothi zinagwira.

Chaka chatha anapeza zikhomo zachitsulo zopaka penti wofiira zitakhomedwa mu mzere, kudutsa pakati penipeni pa mbatata. Amene anakhoma sakudziwika, palibe anabwera kudzanena kanthu. Azakhali anazizula nkuziunjika pansi pa nzimbe, akuti "abwere adzandiuze pamaso, ine si mwana." Mpaka pano palibe wabwera, koma aliyense wa mu Harare akudziwa kuti zikhomo zikayamba kuoneka chotsatira ndi kakabini kamatabwa, kenako lole ya njerwa.

Tsono nkhani ya madzi a mzinda uno ndi yosiyana ndi mizinda yambiri. Harare anamangidwa pamtunda, pafupifupi mamita 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene mitsinje imayambira. Palibe mtsinje waukulu wochokera kwina umene umadutsa mu mzindamu ayi. Mukuvisi amayambira ku Cleveland Dam kummawa, Marimba amayambira mmadambo a kumpoto chakumadzulo kudutsa ku Monavale, ndipo yonseyi imatsetsereka kukathira mu Manyame ndi mu Lake Chivero, damu limene linamangidwa mu 1952 lija kale ankati McIlwaine. Madzi a mu Chivero ndi amene amakatsukidwa ku Morton Jaffray nkupopedwa kukwera mtunda kubwerera mmipopi yathu. Suweji yathu nayo imapita kokatsukidwa ku Firle ndi ku Crowborough, ikatuluka kumeneko, yotsukidwa bwino kaya ayi, imalowa mu Mukuvisi ndi Marimba momwemo. Kunena mosapsatira, tili ngati munthu amene anakumba chitsime kumunsi kwa chimbudzi chake. Chimene chinkatipulumutsa zaka zonsezi ndi madambo ali pakatiwa, chifukwa madzi akamayenda pang'onopang'ono mu udzu ndi mu bango matope amatsalira, zonyansa zambiri zimatsalira, ena amalowa pansi kukadzaza zitsime ndi mijigo. Ukayika konkire ndi malata pamenepo mvula imangothamanga tsiku limodzi, kukokolola zinyalala zonse za mmisewu kukazitula mu damu, October akamafika pansi palibe kanthu.

Zotsatira zake sitichita kuuzidwa. Chivero anadzadza namasupuni, yemwe uja amavuta mu Shire, madzi ake ndi obiriwira. Mu December 2024 zipembere zinayi zinafa ku paki ya pa Chivero zitamwa madzi a mu damumo, pamodzi ndi mbidzi ndi nyama zina, nsomba zinayandama zakufa mpaka a Zimparks, oyang'anira nyama zakutchire, analetsa usodzi. Mu September 2019 Morton Jaffray anatsekedwa kaye chifukwa mankhwala otsukira madzi anatha, ndipo madzi akamaipiraipira mankhwala ofunika amachulukanso, ndalama yake ndi ya kunja. Kolera wa 2008 ndi 2009 anapha anthu opitirira 4,000 mdziko muno, Budiriro ndi Glen View ndi kumene anavuta kwambiri, mu 2018 anabweranso ku malo omwewo kudzera mmijigo ndi zitsime zimene suweji inalowamo. Ife a sosaite ya maliro zaka zimenezo sitiziiwala, thumba linauma.

Nde munthu ukhoza kuganiza kuti pamenepa palibe chokangana. Koma mverani msuweni wanga. Iyeyu anakhala pa lendi zaka zambirimbiri, chipinda chimodzi ndi mkazi ndi ana atatu, katundu pansi pa bedi, landilodi kumuwerengera ndowa za madzi. Atamva kuti kopaletivi ina ikugawa masitandi kumunsi kwa Budiriro analowa, mwezi ndi mwezi kupereka madola, anamupatsa kapepala kokhala ndi chidindo, anamanga zipinda zitatu. Nyumbayo ndinakaiona nthawi ya mvula. Khoma lanyowa kuchokera pansi kufika mchiuno, penti akusupuka, kuseri kwa wadiropu kuli nkhungu yakuda, pabwalo anayala njerwa zoti uzidumphira kuti ukafike pakhomo. Dzenje la chimbudzi limadzadza lokha ndi madzi ochokera pansi, ndipo chitsime chimene amamwa chili mayadi ochepa kuchokera pamenepo. Marimba akakwiya usiku sagona, amakhala akuyatsa tochi kuyang'ana pamene madzi afika.

Nditamufunsa kuti nanga simunaone kuti pano ndi pa dambo, anandiyang'ana nkuti "achimwene, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Inu mukuti ndikanadikira sitandi ya pouma, ndani akanandipatsa? Mndandanda wa odikira nyumba ndinalembetsa ndili mnyamata, imvi izi zamera ndili pomwepo." Ndinalibe choyankha. Kalembera wa 2022 anapeza anthu opitirira 2.4 miliyoni mu chigawo cha Harare, kuphatikiza Chitungwiza ndi Epworth, pamene pulani imene mzinda wakhala ukuyendera ndi ya 1993. Anthu onse awonjezekawa anayenera kugona penapake. Pa gulu lathu amene akuti "amange basi" si anthu oipa, ndi anthu otopa ndi lendi.

Amene ine ndimawaloza chala ndi ogulitsa malowo, aja timati ma land baron. Boma lenilenilo linakhazikitsa komishoni yotsogozedwa ndi Justice Tendai Uchena kufufuza za kagulitsidwe ka malo a boma mmatauni, lipoti linaperekedwa mu 2019, ndiye si nkhani ya mphekesera. Munthu amadula dambo papepala, amatolera ndalama za anthu osauka, sayika msewu, sayika paipi ya madzi kapena ya suweji, madzi akasefukira iye ali ku nyumba yake ya pamtunda. Bulldozer ikabwera imagwetsa nyumba ya wogula, wogulitsa uja mawa lake ali pa dambo lina ndi zikhomo zatsopano.

Malamulo alipo, ndipo ndi abwino ukamawawerenga. Environmental Management Act, gawo 113, limaletsa kuumitsa, kukumba kapena kusokoneza dambo popanda chilolezo cholembedwa. Constitution ya 2013 gawo 73 imati aliyense ali ndi ufulu wokhala pa malo osamudwalitsa, gawo 77 likunena za madzi abwino akumwa. Zimbabwe inalowa mu pangano la Ramsar loteteza madambo, ndipo mwa malo 7 amene analembedwa mu 2013, atatu ndi athu omwe ano: Monavale, Cleveland Dam, ndi Chivero pamodzi ndi Manyame. Mu July 2025 msonkhano waukulu wa mayiko onse a mu panganoli unachitikira ku Victoria Falls konkuno. Koma pita ku Belvedere pafupi ndi National Sports Stadium ukaone Long Cheng Plaza, chimsika chachikulu chimene chinamangidwa pa dambo anthu akukuwa kuti ayi, chilipo mpaka lero ndipo tonse timakagulako. Ndiye ukamuuza msuweni wanga kuti zipinda zake zitatu zikuononga chilengedwe amangoseka, akuti yambani mwagwetsa chija.

Apa mpamene pamandipweteka ine. Lamulo likafuna kuonetsa mano limayambira pa wofooka. Zaka zina chimanga cha mtauni chimakhapidwa chitamasula kale ngaiyaye, amayi akuyang'ana. Akuluakulu athu akamva mawu oti "kukonza mzinda" mtima umagunda, chifukwa akukumbuka Murambatsvina wa 2005, ntchito ya boma yogwetsa nyumba ndi malo a malonda mmatauni, pamene lipoti la United Nations lolembedwa ndi Anna Tibaijuka linati anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala kapena pogwirira ntchito. Nthawi imeneyo anthu ankauzidwa kuti bwererani kumudzi kwanu, ndipo ife a makolo ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique tinalibe koloza. Amalume anga mpaka lero akamva za pulani iliyonse amati "mphwanga, pulani ya tauni siinabwerepo ndi zabwino kwa ife, imabwera ndi galimoto ya apolisi." Sindigwirizana nawo kwathunthu koma ndikumvetsa kumene mawuwo akuchokera.

Komanso tisanamizane, kulima pa dambo nako kumaononga. Azakhali sakonda ndikanena zimenezi, amati "iwe unakula ndi phala la chimanga chomwechi lero wayamba kuyankhula ngati wa EMA, aja a boma oona za chilengedwe." Koma zoona zake ndi zoti ukagalauza udzu wachilengedwe dothi limayamba kukokoloka, feteleza amene timathira amatsetserekera mu mtsinje kukanenepetsa namasupuni, ndipo lamulo loti usalime mkati mwa mamita 30 kuchokera mmphepete mwa mtsinje ambiri sitilitsata, ena mizere imakathera mmadzi mwenimweni. Onjezani okumba mchenga usiku, oumba njerwa, otaya zinyalala ndi zigumuka za nyumba. Tonse tikulidya dambo, kusiyana kwake ndi kukula kwa pakamwa basi. Koma pali kusiyana kumodzi kumene ndikufuna olemba pulani akuone. Ku Monavale, kumene anthu okhala konko anapanga bungwe la COSMO mothandizana ndi BirdLife Zimbabwe, mbali ina inali minda ya chimanga, atasiya kulima udzu unabwerera, maluwa a mdambo anabwerera, mbalame zija anthu amachokera kutali kudzaziona nthawi ya dzinja zikuswanamo. Munda ukausiya dambo limadzuka. Pamene pathiridwa konkire, pakumbidwa ngalande zoumitsa ndi maziko, palibe chimabwerera. Nde kuika mayi wa khasu ndi mwini shopping mall mu thumba limodzi kuti onse ndi oononga, chimenecho ndi chinyengo.

Ine mbali yanga ndi iyi, ndipo pa gulu ndinanena anthu ena anandikwiyira. Dambo limene latsala lisamangidwenso, kaya ndi nyumba ya wosauka, kaya ndi tchalitchi, kaya ndi filling station, kaya ndi ma cluster house a ku Borrowdale. Malire ake ajambulidwe mu pulani momveka bwino, pa mapu oti munthu wamba akhoza kuloza kuti apa ndi pathu, osati kusiya kampata koti "pokhapokha ndi chilolezo chapadera," chifukwa kampata kameneko ndi kamene madambo onse atherapo. A Harare Wetlands Trust ndi a Combined Harare Residents Association akhala akulimbana ndi nkhani zoterezi mpaka kumakhoti, koma kuthamangitsa chilolezo chimodzichimodzi ndi ntchito yotopetsa, ukapambana kuno kwina ayamba kale kuthira dothi. Amene anamanga kale pamalo oti madzi amalowa mnyumba asamutsidwe, inde, koma kaye awaonetse kopita, ndipo Constitution yomweyo gawo 74 imaletsa kugwetsa nyumba ya munthu popanda chigamulo cha khoti. Olima apatsidwe malo odziwika kumtunda kwa dambo, mamita 30 aja atsatidwe, kusiyana ndi masewera a chaka chino akulekerera chaka chamawa akukhapa.

Nanga anthu akagona kuti? Funso limeneli ndi lenileni ndipo oteteza chilengedwe ena amalidumpha. Harare wakhala akukula chotambalala, aliyense akufuna yadi yake ndi mpanda wake wa konkire, mzinda wafika ku Ruwa, ku Norton, ku Domboshava, munthu kumathera ndalama ndi maola mu kombi. Tikanati tizimanga zokwera mmwamba pa malo ouma amene ali kale ndi misewu ndi mapaipi, madambo sakanapanikizika chonchi. Vuto ndi loti kwa ife mawu oti mafulatsi amatikumbutsa Matapi ndi Matererini ku Mbare, mahostela amene anamangidwira amuna osakwatira nthawi ya atsamunda lero mukukhala mabanja athunthu, chimbudzi chimodzi anthu osawerengeka. Munthu wokulira mmenemo sungamuuze za fulati akumvere. Ndiye ngati pulani ikufuna tikwere mmwamba ayambe akonza amenewo tione. Zinazi, monga damu la Kunzvi limene takhala tikulimva kuyambira tili ana kapena mzinda watsopano wa ku Mt Hampden kumene kuli Parliament yatsopano, sizichotsa suweji mu Marimba.

Chinanso ndi cha amene amayankhula pa zokambiranazi. Lamulo la mapulani a matauni, Regional, Town and Country Planning Act, limati pulani isanavomerezedwe iyikidwe poyera anthu aione ndi kulemba madandaulo awo. Papepala zili bwino. Koma chibuku chake chimakhala chachikulu, Chingerezi chake cha akatswiri, mapu ake amitundumitundu, ndipo amene amakhala ndi nthawi ndi data yoti awerenge ndi omwe aja ali kale ndi maloya. Mayi amene amadziwa kuti mu February madzi amafika pa mtengo uti, amene akhoza kukuuza kuti kasupe uyu anauma chaka chimene anamanga nyumba za kumtundazo, ali ku msika akugulitsa tomato. Chichewa chili mgulu la zilankhulo 16 zovomerezeka mu Constitution, koma nkhani ngati izi zimatipeza kudzera mu screenshot ya munthu wina, itadulidwa kale mutu ndi mchira.

Ndichifukwa chake pa mitingi ya sosaite ya mwezi watha, titamaliza za zopereka ndi za amene ali ndi ngongole, tinagwirizana kuti tilembe kalata yathu ngati anthu okhala mderali, kaya nthawi ya madandaulo inatha kaya ilipo, ikafike kwa khansala ndi ku mabungwe a anthu okhala mumzinda. Kukangana kwake kunali kwa tsiku lonse. Msuweni wanga anakana kuti mulowe mawu oti kusamutsa, azakhali anakana kuti mulowe za mamita 30, achinyamata amafuna tibwezeremo za makombi. Tinathera pa mfundo zochepa zimene aliyense anavomera: zikhomo zatsopano pa dambo la Marimba ziletsedwe, wogulitsa malo a pa dambo amangidwe ndi apolisi iyeyo nyumba ya wogula isanagwetsedwe, ndipo mapu a madambo a dera lathu apachikidwe pa holo ya mlocation pamene aliyense angawaone.

Kenako panabuka vuto lina limene sindinaliganizire. Pofika posayina, akuluakulu angapo anabweza cholembera. Zitupa zawo zidakali zija zolembedwa kuti alien, ngakhale anabadwira mu Harare momwe muno ndipo Constitution ya 2013 inawapatsa unzika anthu obadwira kuno kwa makolo ochokera mmayiko a SADC, kukasintha chitupa ambiri sanapite. Amalume anati dzina lawo ndi nambala yawo sizilowa pa pepala lopita ku ofesi iliyonse, "mawa adzati mlendo uyu akulamula za malo a eni." Tinayesa kuwafotokozera, anakana. Kalatayo yapita ndi masiginecha a ife achinyamata ndi amayi ochepa, azakhali anadinda chala.